Ndichotse dish ndikokere chingwe? Ndithandizeni nzeru abale a ku Joni

Admin ndiloleni. Moni nonse a mgulu muno, ndine bambo wa ana awiri ndimakhala ku Rosettenville mu kakoteji kakuseli kwa nyumba ya agogo ena achipwitikizi, chaka chachinayi tsopano. Nkhani yanga ndi ya TV. Ndili ndi dish yomwe ndinagula titangolowa muno ndipo mwezi ulionse ndimalipira pafupifupi R500, kuphatikiza apo data ya mafoni atatu ikundidyera ina R400 kapena kuposa chifukwa mayi akunyumba video call ndi amayi awo ku Ntcheu ndi ya tsiku ndi tsiku, mtsikana wanga wamkulu naye homework akuti zonse zili pa intaneti. Nde mukawerenga ndi ndalama ndithu kwa munthu wa security ngati ine.

Chandifikitsa polemba ndi mvula. Inu mukudziwa mvula ya kuno kuyambira Okutobala, masana kuwala bwinobwino kenako 4 koloko kwada bii, ziphaliwali, matalala. Loweruka lapitali ndinali off, ndakhala pansi ndi alamu anga tikuonera mpira, second half itangoyamba chithunzi chinayamba kusweka timabokosi timabokosi osewera kuuma ngati zithunzi za pa kalendala kenako zii. Tinadikira mpaka mvula itakata, pobwerera siginolo anthu akusinthana majezi. Mawa lake mphepo inali itapotoza dish nde ndinakwera pa denga ndi sipanala, mayi ali mkati akukuwa "yabwera! yapita! bwezani pang'ono! ayi mwapitiriza!" agogo eni nyumba ali pa windo akundiyang'ana ngati ndikuwabera malata. Ndinatsika ndili ndi ganizo limodzi basi.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndisiye dish ndilowe za cable, akuti chingwe chimadutsa pansi mvula sichiidziwa, ndipo data ya mafoni iiwalika. Koma iyeyo amalankhula zinthu ngati wadya kale commission. Nde ndikufunsa amene munachita zimenezi, cable yo machanelo ake ndi omwewa kapena ndi ena? Mpira wa PSL, ligi ya kuno ku South Africa, ndi wa ku England ndiziwuona? TV yanga si smart, ndi flat yakale ija. Komanso munthu wa lendi amaloledwa, ndipo safuna ID ya kuno? Ine ndili ndi pasipoti ndi permit. Chonde oseka sekani koma muyankhe.

Che Jafali wa ku Mayfair: Achimwene poyamba tikonze dzina. Kuno ku South Africa cable TV ngati ya ku America kulibe, ija yoti chingwe chimabwera ndi machanelo ake mkati. Chimene mnzanuyo akunena ndi fibre, ndipo fibre ndi intaneti chabe. Ili ngati paipi ya madzi, imafika pakhomo koma ndiwo mugula nokha. Mukakoka fibre TV yanu siyiyamba kuonetsa kanthu pokhapokha mutalipira zoonera padera, kaya DStv Stream, kaya Netflix, kapena muzingoonera zaulere za pa YouTube ndi SABC+. Anthu ambiri amagwa pamenepa, amachotsa dish ali ndi chimwemwe kenako Loweruka lafika mpira kulibe.

Mayi a Chisomo: Zoona zimenezi. Ife ku Windsor tinachita chimodzimodzi amuna anga anakhala sabata ziwiri osandilankhula bwino kkkk ngati ndinadula dish ndi ine.

Wolemba funso: Che Jafali nde kuti ndizilipira kawiri? fibre payokha, mpira pawokha? Nde phindu lili pati pamenepa

Che Jafali wa ku Mayfair: Phindu lili pa data ija mwanena. Tengani pepala. Pano mukutulutsa 500 ya dish ndi 400 ya data, 900. Ine fibre yanga ya uncapped, yopanda malire a data, ndimalipira 500 ndi chakuti, nyumba yonse mafoni onse ali pa wifi, video call mpaka batire kutha palibe owerenga ma MB. Mukaonjezera zoonera mpira mufika pafupi pomwepo pa 900 kapena kupitirira pang'ono, osadzinamiza kuti mupulumutsa theka. Kusiyana kwake ndi koti mwana sadzabweranso 9 koloko usiku kuti adadi data yatha ndili pakati pa assignment. Koma data ya panjira muzigulabe pang'ono, wifi siyikwera nanu taxi.

Mjomba Installer: Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndakhoma madish kuyambira ku Turffontein mpaka ku Cosmo City nde ndiloleni nditalikitse. Za mvula zija si kuti dish yanu ndi yoipa ayi. Satellite ili kutali makilomita pafupifupi 36,000 mmwamba, siginolo yake pofika pano imakhala yofooka kale, nde ikakumana ndi mtambo wodzadza madzi ngati ya kuno ku Highveld madontho amaimeza. Nchifukwa chake nthawi zina chithunzi chimapita mvula isanagwe nkomwe pakhomo panu, mtambo uli mbali imene dish yaloza. Koma ndikuuzeni chilungamo, dish yolozetsedwa bwino ndi mita yoyezera siginolo, ya 80cm kapena 90cm, LNB (kamutu kolandira siginolo kutsogolo kwa dish) yabwino, chingwe chosalowa madzi pa joini, imangotaya siginolo pa chimvula chenicheni kwa mphindi zochepa. Yanuyo ngati mukuikonza ndi sipanala ndi kukuwa kwa mayi ndiye kuti yakhala ili mmphepete kalekale, kamvula kalikonse kaigwetsa. Musanaitaye muitane munthu wa mita aikonze, ndi ndalama yochepa.

Tsopano za fibre. Pali makampani awiri osiyana, apa mpomwe anthu amasokonezeka. Pali eni chingwe amene anakumba mumsewu, monga Vumatel, Openserve ya Telkom, Frogfoot, MetroFibre. Awa simusankha, mumapeza amene anafika mumsewu wanu basi. Kenako pali ogulitsa intaneti pa chingwecho, ma ISP, monga Afrihost, Webafrica, MWEB, Vox, awa ndi amene mumasankha ndi kuwalipira. Lowani pa website ya aliyense mulembe adiresi yanu pa map akuuzani ngati mumsewu mwanu muli chingwe. Mnyumba amakhoma kabokosi pa khoma kotchedwa ONT, kenako rawuta. Kabokosi kaja si kanu, tsiku losamuka kamatsala pomwepo, musadzakazule kukaika mu chikwama cha ku Malawi.

Vuto lanu lalikulu ndi kakotejiko. Nthawi zambiri adiresi imodzi amaiwerenga chingwe chimodzi, nde ngati ku nyumba yaikulu kuli kale kabokosi kuti akukokereni chanu chachiwiri zimavuta. Ndipo kuboola khoma kapena kukumba pabwalo popanda chilolezo cha eni nyumba sangachite.

Nambewe: Nde bwanji osangogwirizana ndi agogowo? Ife ku Kempton madam ali ndi fibre ku main house, tinangokoka chingwe cha network chija chabuluu kudutsa mmbali mwa fensi mpaka kuchipinda kwathu, tinagula karawuta kathu, timawaonjezera 200 pa lendi. Chaka chachiwiri pano mavuto zero.

Big Phiri: Amwene musamvere zambiri, pitani mtauni mugule kabox kaja ka machanelo 5000 mulipire kamodzi pa chaka, mpira wonse wa dziko lapansi ulimo mpaka wa ku Saudi

Mjomba Installer: Big Phiri musamuphe munthu. Timabokosi timeneto ndi takuba, ogulitsa ena amangidwapo kuno, ndipo tsiku la derby pamene aliyense walowa mpomwe pa TV pamangozungulira kabwalo kodikira kaja osatha. Mukabwerera kwa okugulitsaniyo mupeza pa shopu pake akugulitsa mawigi.

Big Phiri: Yanga ikugwira bhobho

Mayi a Chisomo: Mwezi watha si inu munalemba muno kufunsa link ya game ya Pirates? kkkkk

Achimwene a Yeoville: Chimodzi chimene palibe wakuuzani. Mpira wa pa intaneti umachedwa. Ine ndimakhala mu flat, ndinasiya dish chaka chatha, chithunzi ndi choyera bwino mvula kaya igwe bwanji koma neba wanga wa ku Congo ali ndi dish nde iye amakuwa GOOO ine mpira udakali pakati pa ground. Masekondi 30 kapena kuposa. Penalty ndimadziwa kuti yalowa kapena ayi woponya asanaike nkomwe mpira pansi. Zikanakhala choncho tsiku lija Gabadinho anamenya Morocco chigoli chapatali chija mu Januware 2022 ndikanathyola TV ndithu. Pano ndimatseka mawindo ndi kuika foni chafufumimba chifukwa WhatsApp nayo imaulula. Ngati ndinu munthu wa mpira weniweni ganizirani zimenezi, ngati ndinu wa mafilimu ndi nkhani palibe vuto.

Koma ubwino wina umene dish sinandipatsepo, zakumudzi. Zodiak, Times, MBC amaika zambiri live pa Facebook ndi YouTube, nthawi ya chisankho ndinkaonera pa TV yaikulu usiku onse osaopa data, maliro a anthu otchuka, mapemphero, ngakhale nkhani za Bullets ndi Noma. Amayi akunyumba kwanu akangoilawa imeneyo dish aiiwala.

Wolemba funso: Iyi ya kuchedwayi yandibaya. Neba wanga ndi wa Chiefs ndipo ali ndi vuvuzela. Nanga TV yanga yosakhala smart ija?

Nambewe: Ngati ili ndi bowo la HDMI kumbuyo basi yakwana, mugula kabox ka Android kovomerezeka kapena ka stick, mulowetsa, TV yasanduka smart. Onani kuti kabox ko ndi ka Google certified, tina totchipa Netflix imakana kugwira bwino. Speed musalimbane ndi za 100, chithunzi cha HD chimafuna 5 Mbps yokha nde 20 kapena 25 ikukwanirani TV ndi mafoni atatu. Chachikulu ikhale uncapped chifukwa HD imadya mpaka 3GB pa ola, game imodzi ndi bundle yonse ya sabata.

Sisi Grace wa ku Tembisa: Ine ndingochenjeza za contract. Werengani timalemba tating'ono tija. Amati free installation free router koma mukasiya miyezi 12 isanakwane amakulipiritsani zonsezo. Zinandichitikira, bwana wa nyumba anagulitsa nyumba mwezi wachisanu tili mkati, ndinasamuka, kampani ina sinditchula inandidula ndalama ku akaunti ndinalira ngati mwana. Ife a lendi sitidziwa za mawa nde funani ya month to month ndipo mufunse mwachindunji kuti ndikachoka mwezi wachitatu ndilipira zingati. Mmalokeshoni ena ngati Soweto kuli ya prepaid ya Vuma Reach, umalipira ukakhala nazo ngati magetsi, kaya kwanuko iliko onani pa map. Za ID ine ndinalembetsa ndi pasipoti komanso pepala la adiresi, chimene anafuna kwambiri ndi njira yolipira, akaunti ya kubanki kapena khadi.

Ndipo magetsi akathima kabokosi ndi rawuta zimathima limodzi, gulani ka mini UPS, kabatire kakang'ono kamasunga moto maola angapo, TV izima koma mafoni akhala pa wifi.

Che Jafali wa ku Mayfair: Ndionjezere, dish yo musaizule pa khoma ngakhale mutaganiza zosiya kulipira. Dikoda ya Openview mumagula kamodzi palibe za mwezi ndi mwezi, ndipo imagwira pa dish yomwe yaloza kale satellite ya IS-20 imene madish ambiri kuno amaloza. Muli SABC, e.tv ndi machanelo ena a mafilimu ndi a ana. Tsiku lina anyamata ofuna kopa adzadula fibre mumsewu poganiza kuti muli waya, pomwe mkati ndi galasi losagulitsika nkomwe, nde masiku odikira okonza ana azionera imeneyo. TV licence ya R265 pa chaka ija siyisintha kaya muli pa dish kaya pa chingwe, bola muli ndi TV.

Big Phiri: Licence ndani amalipira kkkk

Wolemba funso: Zikomo nonse, ndabwera ndi update. Dzulo madzulo ndinagogoda kwa agogo ndi foni mmanja kuwaonetsa chithunzi cha kabokosi kamene Mjomba mwanena. Anandilowetsa mpaka pa corridor, kuseli kwa kabati ya mbale, kali pomwepo kakuthwanima magetsi obiriwira, fumbi lokhalokha. Akuti mwana wawo wa ku Madeira ndi amene anaikitsa ndipo amalipira ali konko kuti aziimbirana Lamlungu, iwo amangodziwa kuti "the small box must stay on". Zaka zinayi ine ndikugula data pa spaza chinthu chili mamita 15 kuchoka pa bedi langa. Za kukoka chingwe chabuluu akuti ayambe afunsa mwanayo Lamlungu likudzali, ndipo asaone bowo pa khoma la kukhitchini. Nde dish ndaisiya kaye mwezi uno, Mjomba ndakulemberani ku inbox za mita ija. Sisi Nambewe chingwe chanucho munachidutsa mu paipi kapena chili padzuwa chonchi? Pabwalo pano pali galu amatafuna chilichonse.