Kodi ndi sensa kapena ndi lenzi imene imazimiritsa kumbuyo kwa chithunzi?

Akuluakulu ojambula zithunzi, ndikupempha nzeru zanu. Pa chinkhoswe china sabata yatha ndinajambula mkwatibwi ndi kamera ya Nikon ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kamera) yaing'ono ya mtundu wa APS-C, lenzi ya 35mm pa f/2.8 (nambala yosonyeza kutseguka kwa lenzi; ikachepa, lenzi imatseguka kwambiri), koma miphika ndi mipando ya kumbuyo kwake zinkaonekabe. Mnzanga anaima pamalo omwewo ndi kamera ya sensa yaikulu ya 36x24mm, lenzi ya 50mm pa f/2.8 yomweyo, ndipo kumbuyo kwa chithunzi chake kunazimiririka kwambiri kuposa kwanga. Kodi kusiyanaku kukuchokera pa sensa penipeni, kapena pa lenzi yaitali imene sensa yaikulu imafuna? Paja poyerekeza ndi sensa yaikulu, 35mm yanga imachulukitsidwa ndi 1.5 n'kufika pafupi ndi 50mm. Ngati f/2.8 yanga iyeneranso kuchulukitsidwa ndi 1.5, kodi ndikatsegula lenzi mpaka f/1.8 ndingafanane naye?