Kodi munthu wopanda galimoto angakayende kuti m'mapiri a kuno ku Joni?

MwanaWaMulanje analemba kuti:

Abale ndi alongo amene mwakhalitsa kuno ku Johannesburg, ndikupempha nzeru. Ine kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Likhubula, ndipo ndinakula ndikukwera phiri, nthawi zina ponyamulira alendo katundu mpaka ku Chambe, nthawi zina pongoyenda ndi anzanga. Panopa ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, moti Lamulungu ndi tsiku lokhalo limene ndimapuma. Moyo wanga wangokhala wa m'takisi ndi m'chipinda, ndipo miyendo ikulakalaka mtunda.

Ndikamapita kuntchito ndimaona zitunda zachikasu zosalala pamwamba m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo chakumwera ndimaonanso timapiri ta miyala. Kodi malo amenewa amalola munthu kukwera, ndipo munthu angayendeko osaopa achifwamba? Galimoto ndilibe. Funso lina ndi longofuna kudziwa: anthu amati mzinda uno uli pamwamba kwambiri, koma ine pobwera pa basi sindinaone phiri limene tinakwera. Zimenezi zimatheka bwanji?

MalumeWaKuTurffontein anayankha kuti:

Achimwene, ndiyambe ndi zitunda zachikasuzo, chifukwa ndi pamene pali ngozi. Amenewo si mapiri ayi, ndi milu ya dothi lotsala pamene ankapera miyala pofuna golide, ntchito imene inayamba kuno m'chaka cha 1886. Dothi limenelo lili ndi mankhwala oipa, fumbi lake limavutitsa anthu a m'mbali mwake mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, ndipo ena mwa malowo kuli maenje a migodi yakale mmene mumalowa azamazama, anthu okumba golide mozemba, okhala ndi mfuti. Musapondeko phazi, ngakhale masana.

Timapiri ta kumwerato ndiye nkhani ina, ndipo inuyo muli ndi mwayi chifukwa tili pafupi ndi kwanu. Malowo ndi Klipriviersberg Nature Reserve, nkhalango yotetezedwa ya mahekitala pafupifupi 700, pakati pa Mondeor ndi Kibler Park. Takisi ya ku Kibler Park imakusiyani poti mutha kumalizitsa wapansi, ndipo ine sanandilipitsepo pachipata. Muli mbidzi, nyumbu ndi agwape a mitundu ingapo. Tsiku lina m'mawa ndinapeza ndowe za mbidzi zikufuka nthunzi pakanjira, ndipo nditakweza maso ndinaona mbidzizo zitaima pachitunda, kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zosanjikizana za m'tauni. Chimene chinandikhazika pansi kwenikweni ndi mipanda ya miyala imene ili pamwamba pa zitundazo. Munthu wothamanga angaiyese miyala yongogwa yokha, koma mukaizungulira mofatsa mumaona kuti inasanjidwa mozungulira, khola la ng'ombe pakati, malo a nyumba m'mbali. Imeneyo inali midzi ya Atswana amene ankakhala pamenepo kalekale, golide asanadziwike. Kumunsi kulinso bwinja la nyumba ya mlimi wachibunu, Sarel Marais, amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1850.

Za kutalikazo yankho lake ndi lakuti munakwera muli mtulo. Pa Beitbridge paja, pamene tonse timatuluka thukuta pamzere wodinditsa mapasipoti, malowo ndi okwera mamita pafupifupi 450 okha poyerekeza ndi pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Kuchoka pamenepo basi imakwera pang'onopang'ono kudzera ku Polokwane ndi Pretoria, ndipo ikamafika pa Park Station imakhala ili pa mamita oposa 1,700. Kunena kwina, timakhala pamwamba kuposa tauni ya Dedza. Sapitwa wanu uja, wa mamita 3,002, kuno simumupeza, ndipo musabwere ndi mtima woyerekeza, chifukwa mudzabwerera mutanyoza malo abwino.

NaPhiri_Roodepoort anayankha kuti:

Malume anena zoona, koma ine monga mzimayi sindingalimbikitse munthu woyamba kumene kukayenda yekha m'nkhalango yaikulu chotero, ngakhale ikhale yaulere. Zaulere kuno ku Joni nthawi zina zimadula pobwerera. Mnzathu wina anamulanda foni ndi nsapato m'kanjira ka m'mphepete mwa mtsinje kumpoto kwa mzinda, dzuwa lili pamutu, chifukwa chakuti anali yekha.

Ine ndinganene kuti muyambire ku Walter Sisulu National Botanical Garden, kuno ku Roodepoort. Pachipata amalipitsa, koma muli mpanda ndi alonda, ndipo Lamulungu kumakhala mabanja ambiri. Kuli mathithi a Witpoortjie, amene madzi ake amagwa kuchokera pa mamita pafupifupi 70, ndipo pambali pake pali kanjira kokwera motsetsereka mpaka pamwamba pa thanthwe. Kwa inu a ku Mulanje kameneko ndi kochepa, koma mudzapuma mwawefuwefu ndithu. Chimene ine ndimapitirako ndi ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga chisa pathanthwe pafupi ndi mathithiwo. Ndi mbalame zazikulu, zakuda bii, koma zikatembenuka m'mwamba pamsana pake pamaoneka zoyera. Zimadya mbira za m'matanthwe ndi nkhanga. Yaikazi imaikira mazira awiri chisanu chikamayandikira, koma kawirikawiri kamakula ndi kamwana kamodzi, chifukwa kamene kayamba kuswa kamajompha kanzake mpaka kufa. Nthawi zina pamakhala anthu odzipereka okhala ndi makina oonera kutali, ndipo amalola aliyense kusuzumira. Ine nditasuzumira ndinaona mayi wake akung'amba nyama timagawo ting'onoting'ono n'kumalandiza kamwana ka ubweya woyera, ndipo ndinaimirira pamenepo mpaka ana anga anayamba kudandaula njala.

Vuto lake ndi lakuti kuchokera ku Rosettenville mudzakwera matakisi awiri kapena atatu, ndipo Lamulungu takisi imachedwa kudzaza. Nyamukani m'mamawa.

MphunzitsiWakale anayankha kuti:

Achimwene a ku Mulanje, funso lanu lachiwiri landisangalatsa kuposa loyamba, ndipo ndikufuna ndionjezere pa zimene Malume afotokoza. Mzinda uno sunangokhala pamwamba chabe, koma unamangidwa pamsana weniweni wa mtunda wautali wotchedwa Witwatersrand, umene umadutsa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Mtunda umenewu umagawa madzi a mvula pawiri. Mvula yogwa kwanu ku Rosettenville imatsikira mumtsinje wa Klip, kenako Vaal, kenako Orange, mpaka kukathira m'nyanja ya Atlantic. Yogwa ku Melville kapena ku Randburg imalowa mu Jukskei, kenako Crocodile, n'kudutsa damu la Hartbeespoort, n'kukalowa mu Limpopo yemwe uja tinawoloka pa Beitbridge, mpaka kukafika m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Mukakwera takisi kuchokera kwanu kudutsa m'tauni kupita kumpoto, mumawoloka malire amenewa osadziwa. N'chifukwa chakenso mumzinda waukulu chonchi mulibe mtsinje waukulu ngati Shire: mitsinje imayambira pompano n'kuthawa.

Malo abwino oonera zimenezi ndi Melville Koppies, pafupi ndi Emmarentia. Ndi kaphiri kakang'ono, koti munthu wa miyendo ngati yanu angakamalize asanatuluke thukuta, koma si malo othamangira. Miyala yake ndi ya zaka pafupifupi 3 biliyoni, ndipo mukaima pamwamba mumaona nsanja ya ku Hillbrow mbali ina, mbali inayo mitengo yokhayokha mpaka mapiri a Magaliesberg kutali uko. Mitengo yambirimbiri imene yaphimba mzindayo ndi yochita kubzala. Pakaphiripo ndi pamene mungaone mmene dziko lino linalili kale: udzu, miyala ndi zitsamba.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi ng'anjo. M'chaka cha 1963 katswiri wofukula zakale wa pa yunivesite ya Wits, Revil Mason, anafukula pamenepo ng'anjo yosungunulira chitsulo ya anthu akale, ndipo inasungidwa pomwepo, anaimangira kanyumba. Ndi yaing'ono, ya dothi, yokhala ndi malo olowetsera mpweya wa mvukuto. Aliyense amene anaonapo ng'anjo zakale za ku Kasungu, kapena anamvapo agogo akusimba za osula makasu, adzaizindikira nthawi yomweyo. Timauzidwa kawirikawiri kuti mbiri ya Joni inayamba ndi golide, koma apa pali umboni woti anthu ankasungunula chitsulo pamapiri ano azungu asanafike.

Chigawo chapakati, chimene chili ndi ng'anjocho, chimakhala chokhoma ndipo amatsegula pa nthawi zoikika, makamaka Lamulungu m'mawa, polipira kangachepe, choncho yambani mwafufuza pa intaneti musananyamuke. Chigawo chakumadzulo ndi kumene mipingo ya anthu ovala mikanjo yoyera, yobiriwira ndi yabuluu imapempherera m'mabwalo ozungulira. Mukawapeza, alambalaleni mwaulemu ndipo musawajambule osapempha.

Pa zachitetezo ndikugwirizana ndi mayi NaPhiri, ngakhale sindingafike poti munthu asiyiretu malo aulere. Mankhwala ake ndi kuyenda pagulu basi.

MwanaWaMulanje anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Za zitunda zachikasuzo ndamva ndipo sindiyandikirako. Ndiyambira ku Klipriviersberg poti ndi pafupi, koma ndidikira kaye ndipeze anzanga. Malume, kodi nyengo yabwino ndi iti? Kwathu timaopa chiperoni ndi nkhungu, imene imasocheretsa ngakhale munthu wodziwa njira. Nanga kuno choopsa n'chiyani?

MalumeWaKuTurffontein anayankhanso kuti:

Kuno nkhungu si nkhani, achimwene. Choopsa ndi mphezi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumacha bwinobwino, kumwamba kuli mbee, koma pofika masana mitambo imaunjikana mofulumira, kenako mabingu, ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala omwe. Munthu amene waima pachitunda chopanda mitengo ndiye amakhala chinthu chachitali pamalopo. Choncho m'dzinja yambani kukwera dzuwa likangotuluka, ndipo pofika 12 koloko mukhale mutatsika. Mukamva bingu musathawire pansi pa mtengo woima paokha.

Ine ndimakonda miyezi ya Meyi mpaka Julayi. M'mawa kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, moti juzi ndi chipewa n'zofunika, koma mvula kulibe, udzu ndi wouma ndipo nyama zimaoneka patali. Kuipa kwake ndi moto wolusa, chifukwa udzu umenewo ukagwira moto pali mphepo, munthu sungauthawe pokwera mtunda. Njoka ziliko, makamaka mphiri, imene sithawa ikamva mapazi, ndi ina yolavula ululu yotchedwa rinkhals, choncho valani nsapato zotseka, osati masilipasi. Mukabwerako dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo ngati patatha masiku angapo mwayamba kumva mutu ndi kutentha thupi, pali kachilonda kakuda pamene inaluma, mukanene kuchipatala kuti munali kutchire. Madzi nyamulani anu okwanira. Kuno si ku Mulanje kumene mumangowerama n'kumwa pamtsinje, chifukwa timitsinje ta m'tauni muno timadutsa m'malo a zonyansa.

Miyendo ikadzazolowera, kuli Suikerbosrand pafupi ndi Heidelberg, kumene kuli njira zoyenda tsiku lathunthu, komanso Magaliesberg. Kumeneko takisi sifika pachipata, ndiye ife timasonkherana ndalama n'kubwereka minibasi. Za Klipriviersberg musavutike kufuna anthu: Lamulungu loyamba la mwezi ukubwerawu ine ndi anyamata awiri a ku tchalitchi kwathu tikupita, ndipo tidzakumana pachipata cha ku Kibler Park 7 koloko m'mawa. Ndilembereni kumbali kuti tipatsane manambala. Mayi NaPhiri ndi aphunzitsi, ngati mungakwanitse ulendo wa matakisi, nanunso bwerani.