Kodi nyimbo zikafanana, kuba kumayambira pati?

Akuluakulu odziwa zoimbaimba, ndithandizeni nzeru. Masiku ano ndakhala ndikumvetsera "Thinking Out Loud" ya Ed Sheeran ndi "Let's Get It On" ya Marvin Gaye, ya mu 1973 ija. Ndikagwira gitala, zala zimangoyenda pa ma chord anayi ofanana kwambiri, moti ukhoza kuimba ina pamwamba pa inzake osaphonya. Koma mu Meyi 2023 khoti la ku New York linagamula kuti Sheeran sanabe. Chonsecho mu 2015 Robin Thicke ndi Pharrell Williams anagonja kwa banja la Gaye yemweyo, ati "Blurred Lines" inatengera "Got to Give It Up". Kusiyana kwake kuli pati?

Ndikufunsa chifukwa ndapeka nyimbo yanga. Nditaimbira mlongo wanga pakhonde, atangomva poyambira pake anayamba kung'ung'udza nyimbo ina yotchuka. Mtima unangoti myuu. Sindinakopere dala, mwina inangokhazikika m'mutu kalekale.

Akhoti amayang'ana chiyani kwenikweni, ma chord, chuni cha mawu, kapena kagundidwe ka ng'oma? Nanga a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso ku Malawi, angandiunikire ndisanakalipire ku situdiyo?