Zimene ndapeza za eni ake a bwalo la ndege la OR Tambo

Mwezi wathawu ndinafunsa abale amene tili kuno ku Johannesburg kuti amayendetsa bwalo la OR Tambo ndani, popeza ena ankati ndi khonsolo ya mzinda, ena ankati ndi kampani za ndege. Ndafufuza, ndipo yankho lake ndi Airports Company South Africa, imene ambiri amangoitchula kuti ACSA.

Kampaniyi inakhazikitsidwa mu 1993, pamene boma linachotsa mabwalo akuluakulu m'manja mwa nthambi yoona za mtengatenga n'cholinga choti aziyendetsedwa ngati bizinesi. Mu 1998 kampani ya ku Italy, Aeroporti di Roma, inagula magawo 20 pa 100 alionse, koma mu 2005 magawowo anagulidwanso ndi Public Investment Corporation, yomwe ndi ya boma lomweli. Lero ACSA imayang'anira mabwalo asanu ndi anayi, kuphatikizapo la Cape Town ndi la King Shaka la ku Durban, lomwe linatsegulidwa mu 2010. Bwalo la ndege la Lanseria, lomwe lili kufupi ndi Johannesburg, mulibemo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ntchito yake ili ndi malire. Misewu yoterapo ndege, nyumba zodikiriramo, malo oimika magalimoto, ngakhale matirole aja timapakirapo zikwama zodzadza ndi mabulangete popita ku Lilongwe, zonsezo ndi za ACSA. Koma wolondolera ndege m'mwamba ndi wa kampani ina yotchedwa ATNS, wodinda pasipoti ndi wa Border Management Authority, ndipo wofunsa za msonkho wa katundu ndi wa bungwe lotolera misonkho la SARS. Choncho chikwama chikasochera, muyambe mwafunsa kampani ya ndege imene munakwera.