iSCSI ikukwawa pa khadi ya 10G, ndithandizeni abale

Akuluakulu amene mumadziwa za maseva ndithandizeniko pang'ono. Ku ofesi tili ndi makina awiri, ena ndi a TrueNAS osungira mafayilo enawo a Proxmox oyendetsera ma VM (makompyuta ongoyerekezera a mkati mwa seva), onse ndinawaika makhadi a Intel X520 a 10G nkulumikiza mwachindunji ndi chingwe cha DAC, switch palibe. Ndikayesa liwiro la netiweki ndi pulogalamu ya iperf3 zikuthamanga bwinobwino cha m'ma 9.4 Gbps koma ndikangoti ndisamutse VM kudzera pa iSCSI (njira yogwiritsira ntchito disk ya makina ena kudzera pa netiweki) basi zikukakamira pa 110 MB/s ngati ndikadali pa gigabit yakale ija, moti dzulo ndinapita kukadya nsima nkubwerako isanafike ndi theka lomwe.

MTU (kukula kwa paketi ya data) ndinaika 9000 mbali zonse, ping -M do -s 8972 ikudutsa popanda vuto. Ma disk ndi ma SSD anayi ndiye sindikukhulupirira kuti ndi iwowo.

Chikundikayikitsa nchoti portal (adiresi yolowera ku iSCSI) ndinaisiya pa 0.0.0.0:3260, kutanthauza kuti ikulandira pa makhadi onse, ndipo khadi yakale ya 1G ija ikadali yolumikizidwa, kodi mwina Proxmox ikulowera kumeneko? Ndingaone bwanji kuti session ya iSCSI ikudutsa pa khadi iti? Kapena ndingoisiya iSCSI yo ndipite ku NFS (njira ina yogawira mafayilo pa netiweki), amene munayesapo zonse ziwiri tandiuzeni.