Gulu la banja: ulendo wa Amayi wa ku Xi'an

Malume: Moni nonse. Mphwanga akumaliza maphunziro ake mumzinda wa Xi'an ku China mu June, ndipo tinapangana kuti mayi ake akakhale nawo pamwambowo. Pofika lero ndi mabanja anayi okha amene apereka K200,000 ija.

Wa ku China: Zikomo Malume. Ndikupempha kuti Amayi adzakhalitseko tsiku limodzi, ndidzapite nawo ku Lintong, dera la m'mbali mwa Xi'an, kukaona asilikali oumbidwa ndi dothi amene anakwiriridwa pafupi ndi manda a Qin Shi Huang, mfumu imene inagonjetsa maufumu asanu ndi limodzi n'kuika China yense m'manja mwake m'chaka cha 221 BC.

Azakhali: Ndiye kuti tikusonkha kuti alamu anga akaone zidole?

Wa ku China: Si zidole ayi, Azakhali. Msinkhu wawo ndi wa munthu weniweni, nkhope zawo n'zosiyanasiyana, ndipo akatswiri amati alipo pafupifupi 8,000. Anawatulukira ndi alimi amene ankakumba chitsime mu 1974, koma chitunda chimene mfumuyo inagonamo sichinafukulidwe mpaka pano.

Malume: Tikiti ya ndege iyambe, zinazo zibwere pambuyo.

Bambo aang'ono: Mwanayu wapempha chinthu chanzeru. Mfumu imeneyo inalamula kuti dziko lonse likhale ndi kalembedwe kamodzi, ndalama imodzi ndi miyezo imodzi, ngakhale kutalikirana kwa mateyala a ngolo kunafanana paliponse. Chimene chinaononga ufumu wake wa Qin ndi msonkho ndi ntchito yokakamiza, thangata weniweni, moti Sima Qian, wolemba mbiri wakale wa ku China, analemba kuti pamandawo panagwira ntchito anthu 700,000. Mfumuyo itamwalira mu 210 BC, chaka chotsatira Chen Sheng ndi Wu Guang, atsogoleri a gulu la anthu otumizidwa ku usilikali mokakamiza, amene mvula inawachedwetsa panjira pamene chilango cha kuchedwa chinali imfa, anaona kuti kuli bwino kungoukira. Pofika 206 BC ufumuwo unali utatha, ndipo Liu Bang, mwana wa mlimi, anadzakhazikitsa ufumu wa Han umene unakhala zaka pafupifupi 400.

Azakhali: Kodi! Ndiye kuti okhometsa msonkho mwaukali sakhalitsa pampando.

Malume: Ine sindikukhometsa munthu, ndikungokumbutsa, chifukwa onse akudziwa amene anatsala ndi ngongole titamanga chiliza cha Agogo. Tikiti ya ndege iyambe.

Achemwali: Alamu a ku Johannesburg akuwerenga uthenga uliwonse chiyambire sabata yatha, koma sanayankhepo.

Bambo aang'ono: Za tsiku loonjezeralo, malo ogona ndi chakudya, ndilipira ineyo pandekha, kuti zisalowe m'thumba la Malume.

Amayi: Zikomo alamu. Ine chidwi changa chili pa chitsimecho, ndikufuna ndikaone pamene alimi aja ankakumba.

Malume: Chabwino, koma viza sitingafunsire tikiti isanapezeke. Amene sanapereke atumize pasanafike Lachisanu, ndipo Loweruka m'mawa ndilemba pano maina a mabanja onse, opereka ndi osapereka omwe.