Mwana wanga wakhumudwitsa amalume ake ndi nkhani ya nkhondo ya 732, nditani?

Abale anga pa gulu pano, ndigawireniko nzeru. Ine ndine Mkhristu, mayi a kunyumba anachokera ku banja la Chisilamu, ndipo zaka zonsezi takhala mwamtendere. Lamlungu kunabwera alamu anga. Tili mkati modya, mnyamata wanga wa Fomu 3 anangoti, "Amalume, pakanapanda Charles Martel, bwenzi Asilamu atameza Ulaya yense." Anazitenga m'kavidiyo ka pa foni. Alamu anga anabweza mbamu m'mbale, n'kusamba m'manja, n'kukakhala pakhonde osayankha kanthu.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndinakhala ndikuwerenga. Nkhondoyo inachitikadi mu Okutobala 732, pakati pa Tours ndi Poitiers, m'dziko lomwe lero ndi France. Charles Martel anatsogolera Afulanki, mtundu womwe unkalamulira kumpoto kwa dzikolo, ndipo Abd al-Rahman al-Ghafiqi, bwanamkubwa wa al-Andalus (dera la Spain lomwe linkalamulidwa ndi Asilamu), anafera pomwepo. Asilikali ake anachoka usiku, kusiya mahema ali chiimire.

Koma zomwe kavidiyoko kanasiya n'zimene zandikhudza. Odo, wolamulira dera la Aquitaine kummwera kwa France, anali atagonjetsa kale Asilamu ku Toulouse mu 721. Odo yemweyo, Mkhristu, anakwatitsa mwana wake wamkazi kwa Munuza, mtsogoleri wa Chisilamu wa mtundu wa Berber, kuti azitetezana. Charles naye ankathira nkhondo Odo, Mkhristu mnzake, asanagwirizane mu 732. Ndipo Asilamu sanathere pamenepo ayi. Mu 737 Charles anali akulimbana nawobe ku Avignon, ndipo mzinda wa Narbonne unali m'manja mwa Asilamu mpaka 759, pamene Pepin, mwana wa Charles, anaulanda.

Ndiye funso langa ndi ili. Mwanayu amakonda mbiri yakale, sindikufuna kumuzimitsa mtima. Ndiyambe ndi kumutuma akapepese, kapena ndikhale naye pansi kaye tiwerenge limodzi? Mayi ake akuti tingozisiya, koma ine mtima sukundilola.

Yankho loyamba: Akapepese kaye, bambo. Wamkulu anasiya nsima chifukwa cha iye. Mupite naye nokha, musamutume yekha. Za mabuku zibwere pambuyo.

Yankho lachiwiri: Ndine mphunzitsi. Musamukalipire, mumufunse mafunso. Mumuuze za mdzukulu wa Charles, Charlemagne, yemwe analowa ku Spain mu 778 ataitanidwa ndi atsogoleri a Chisilamu omwe ankakangana ndi mfumu ya ku Córdoba. Pobwerera, omwe anakantha gulu lake lakumbuyo ku Roncevaux anali a Basque, anthu a m'mapiri a pakati pa Spain ndi France. Kenako mumufunse kuti mbali ziwiri zija, ya Akhristu ndi ya Asilamu, zili pati.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndawaimbira alamu anga, avomera kuti tipite Loweruka masana. Za 778 zija ndizisunga mpaka tikabwerako.